Piritsi Loyera M'tiyi wa Amuna Anga

Satifiketi yanga ya uphunzitsi ndi imene inandipalamulitsa. Ndikanakhala wosadziwa kulemba, dokotala wachizungu wa pa boma sakanandipatsa kabuku, ndipo zimene ndikuululazi sizikanachitika.

Amuna anga anapita kunkhondo akadali mnyamata, n'kubwerako ndi mawu m'mutu. Pokwatirana sindinkadziwa. Ankamva mkulu wa asilikali akuitana nambala yawo, iwo n'kuimirira njo, kusiya khoka limene akusoka, kumayankha munthu wosaoneka. Kachasu ndiye ankawakhalitsa chete mawuwo, ndiye ankamwa. Mowa ukatha m'thupi mawu aja ankabwera mokweza kuposa kale. Tsiku lina anaimirira chotero atanyamula mwana wathu wa miyezi isanu, manja n'kuwongokera m'mbali. Mwana anagwera pa mulu wa khoka. Sanavulale, koma kuyambira pamenepo ndinkapita naye kusukulu, kuphunzitsa ali kumbuyo.

Chaka chimenecho kunamveka kuti pa boma pafika dokotala amene akufuna amuna omwa mowa omwe mitu yawo imasokonekeranso. Tinayenda kuchokera kwathu ku Mwadzama. Anawayeza pa sikelo, anawatenga magazi, anawadinditsa chala papepala ngakhale kuti amatha kulemba dzina lawo. Mzunguyo ankafunsa kudzera mwa womuthandiza wake, bambo wachisilamu wa m'tauni momwemo wa mawu apansipansi. Funso lake linali limodzi, ankangolitembenuza: chinayamba n'chiyani, mowa kapena mawu?

Pepala limene ankalembapo linali chozondoka kwa ine, koma Chingerezi ndimachiwerenga ngakhale chozondoka. Ndinaona kuti mankhwalawo anali oyesa, ndipo amuna anawagawa m'magulu. Ena ankalandira piritsi lachikasu lokha, loletsa mawu. Ena, pamodzi ndi anga, ankalandira lachikasu ndi loyera. Loyeralo, anatero womasulira uja, limadana ndi mowa. Munthu akamwera pamwamba pake amadwala kwambiri, ndipo mantha a kudwalako ndiwo amamuletsa.

"Inu ndinu aphunzitsi, mayi, ntchito yaphweka," anatero womasulirayo mzungu atandipatsa kabuku. "Tsiku lililonse muzilemba ngati ameza mapiritsi, ngati amwa mowa, ngati alankhula okha."

"Nanga amene mankhwala awakana mumawatani?"

Anayang'ana mzungu wake kaye. "Amenewo timawalembera kalata."

Kalata imeneyo aliyense ankaidziwa. Inali ya lole yopita kuchipatala cha amisala kutali kummwera, kumene mmisiri wa matabwa wa m'mudzi mwathu anapita osabwereranso.

Kumudzi nkhani zinatifikira tisanakhale n'komwe. Amayi povuula chinangwa ankati magazi otengedwawo amakawagulitsa, ena ankati mapiritsiwo ndi ophera umuna, zonse n'za boma la azungu la chitaganya. Ine ndinkawaseka monga munthu wa sukulu, koma ndikakhala ndekha ndinkalinunkhiza piritsi loyeralo ndi kulitembenuza. Munthu wochokera kutsidya la nyanja zikuluzikulu afuniranji kudziwa maloto a msodzi? Ndipo kabukuko ndinkakaona bwino: kanali umboni, wolemba ine ndi dzanja langa, woti tsiku lina adzawerengere amuna anga.

Sabata yoyamba anameza onse awiri. Yachiwiri anakankha loyeralo ndi chala.

"Lachikasuli ndikuliona ntchito yake, mkulu uja wayamba kulankhulira patali. Koma ili ayi. Mankhwala odwalitsa munthu ndi mankhwala amtundu wanji, mayi a mwana?"

"Ndilemba chiyani m'kabuku?"

"Lembani kuti msilikali wakana."

Ndinalemba kuti ameza. Bodzalo linandisowetsa mtendere tsiku lonse, poopa kuti magazi adzaulula. Mmawa mwake ndinaliphwanya piritsilo ndi supuni, n'kulisungunula m'tiyi wawo, shuga wambiri. Ndinadziuza kuti tsopano kabuku kakunena zoona. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Iwo sankamwa mowa masiku amenewo, chifukwa mawu anali atachepa, ndipo anamaliza kusoka khoka latsopano limene linawatengera chaka.

Khoka latsopano silingolowa m'madzi. Pamafulidwa mowa wa amene adzalikoke, ndipo mwini khoka ndiye amayamba kumwa pamaso pa onse, kuti aone kuti mulibe choipa. Akakana, palibe angakhudze chipanda, ndipo palibenso angakhudze chingwe cha khokalo. Anafulula mowawo ndi mayi anga aang'ono. Ine ndinadziwa zonsezi pasadakhale. Ndikanatha kuwauza amuna anga, koma kuwauza kunali kuvomera kuti ndakhala ndikuwathirira kanthu m'chakumwa, ndipo mkazi wochita zimenezo kwathu kuno ali ndi dzina lake. M'malo mwake ndinawerengera mwanzeru zanga za kukoleji. Ndinasiya kuthira piritsilo dzulo lake, poganiza kuti mankhwala ali ngati chakudya, pakapita tsiku atuluka.

Unali mmawa, dzuwa litakwera pang'ono, anthu atakhala pamchenga pafupi ndi mabwato. Amuna anga anatenga chipanda, alamu anga, akulu awo, n'kuwaseka.

"Lawani bwinobwino, achimwene, musangonyowetsa ndevu. Kapena mzungu wanu uja anakuletsani?"

"Piritsi lakelo ndinalikana kalekale," anatero iwo, n'kumwa chipanda chonse.

Ndinkayamwitsa mwana chapatali, maso ali pa iwo. Sipanapite nthawi, anayamba kukoka kolala ya malaya. Maso anafiira, thukuta linatsika, anagwira pamtima n'kumapuma ngati akwera phiri. Kenaka anagwada n'kusanza, kusanza, mpaka kugwa chammbali.

Onse amene anali atagwira zipanda anazitaya pansi. Alamu anga sanathamangire kwa m'bale wawo, anathamangira kwa mayi anga aang'ono, n'kuwagwira pamkono.

"Mwathiramo chiyani? Mkamwini akatopetsa mumangomuuza abwerere kwawo, simumupha ayi."

"Mowa wanga ndaulawa ndekha mmawa uno," ankatero mayiwo. "Ndimwenso muone."

Wina anali atatola kale nkhafi yopalasira bwato. Ndinaimirira mwana akadali pabere.

"Asiyeni. Ndine ndathira. Osati m'mowa, m'tiyi. Ndi mankhwala a kuchipatala aja."

Alamu anga anausiya mkono uja. Amayi anga ondibala anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Amuna anga, ali chigonere pamchenga, anatembenuza mutu. Anamva.

Tinawanyamula pa bwato mpaka pa boma. Njira yonse ine ndinkangoganiza za lole. Anawagoneka, anawabaya jakisoni, pofika masana kupuma kunabwerera m'malo mwake. Womasulira uja anandiitanira m'kachipinda ka sikelo, mzungu atatsegula kabuku kanga patebulo. Ndinanena zonse, m'Chingerezi changa, osadikira kumasuliridwa. Mzunguyo sanakalipe. Anafunsa tsiku lenileni limene ndinasiya kuthira, nalilemba mosamala, nafunsanso kukula kwa chipanda. Kusakalipa kwakeko ndiko kunandiopsa kwambiri.

"Mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi masiku ambiri, mayi," anatero womasulira. "Ndipo sapatsidwa kwa munthu asakudziwa. Mukanawapha."

"Munandiuza zimenezo?"

Anatembenukira kwa mzungu wake, ine n'kufunsanso.

"Kalata ija mulemba?"

Analankhulana awiriwo motsitsa mawu. "Lero ayi. Koma nambala yawo aichotsa pa gulu, chifukwa kabuku kanu sitingakakhulupirirenso."

"Nanga lachikasu lija? Limawathandiza."

"Lachikasu ndi la amene ali pa gulu."

Anatipatsa a masabata awiri, akuti kuti asasiye mwadzidzidzi. Kabukuko sanandibwezere. Mzungu anakaika m'dirowa, n'kukiya.

Amuna anga ali pakhomo, lole sinabwere. Mapiritsi achikasu anatha, ndipo mkulu wa asilikali uja wayambanso kuyandikira. Dzana ndinawaona ataima njo kuseri kwa nkhokwe. Mowa sanaukhudzebe, mwina mantha a tsiku lija akadalipo, sindikudziwa kuti adzatha liti. Mayi anga aang'ono amandiyankha moni ndi mutu wokha. Khoka lija linalowa m'madzi patapita mwezi, atafulula munthu wina.

Za tiyi sitinakambiranepo. Mmawa uliwonse ndikawaikira kapu, amaikankhira kwa ine ndi chala chomwe chija. Ndimamwako kawiri iwo akuona, mwana ali kumbuyo, kenaka amalandira. Galimoto ikamveka kumsewu tonse awiri timasiya kumwa, kumvetsera ngati ikhotere kuno.