Bolodi Limodzi, Timabuku Tiwiri

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya makompyuta. Tsiku lina ankandifotokozera kuti mapulogalamu awiri angathe kugawana malo amodzi osungiramo mawu ndi mindandanda, ina n'kulemba, ina n'kuwerenga. Anati vuto limabwera ina ikangolemba kuti "kaone pakutipakuti," pomwe pakutipakutipo ndi m'thumba mwake. Ndinamuuza kuti asapitirize, zimenezo ndinaziphunzira kale ndi nkhwangwa.

Zinachitika m'nthawi ya chipani chimodzi, ndili kapitawo pa esiteti ina ya mitengo ya labala kufupi ndi Chintheche. Ndinachokera ku Ntcheu ndili ndi satifiketi m'thumba ndi matama ochuluka. Gulu langa linali lodula mitengo yokalamba, imene yasiya kutulutsa utomoni. Wosankha mitengo yoyenera kudulidwa anali kapitawo mnzanga, bambo wachikulire wa ku Sanga. Iwo ankayendera minda tsiku lonse n'kufika ku ofesi madzulo ine nditaweruka, ndipo ine ndinkafika mmawa iwo atalowa kale m'munda. Chotilumikiza chinali bolodi lakuda lopachikidwa pakhoma. Iwo ankalembapo ndi choko, ine n'kuwerenga, ntchito ikatha n'kufufuta.

Lamulo linali lakuti pabolodi pazilembedwa zonse: dzina la gawo, mizere yake, ndi kuchuluka kwa mitengo. Koma bolodilo linali laling'ono, ndipo tonse tinali ndi timabuku ta m'thumba tofanana chikuto, momwe aliyense analembamo magawo a munda.

Lachiwiri lina ndinapeza mzere umodzi wokha: "Mawa dulani gawo la pa tsamba lachinayi, lonse." Ndinatsegula kabuku kanga. Pa tsamba lachinayi panali gawo la kumtsinje. Ndinadabwa, chifukwa mitengo ya kumeneko inali yanthete, yongoyembekezera kuchekedwa khungwa koyamba kuti itulutse utomoni, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Anaibzala ndi bambo omwewo. Kukawafunsa unali ulendo wosakwana ola limodzi panjinga. Koma sabata yapitayo anali atandidzudzula pamaso pa antchito kuti ndimachedwetsa ntchito ndi mafunso, ndipo ndinali ndidakali ndi kanthu kukhosi. Ndinati mumtima, mwina mitengoyo yagwidwa matenda, ndipo ngati sinagwidwe, izo n'zawo.

Mmodzi mwa odula, munthu wamkulu, anaima atagwira nkhwangwa.

"Akapitawo, iyi? Ana awa?"

"Zalembedwa pabolodi," ndinatero. "Kapena mukufuna muzilemba ndinu?"

Tinadula. Pofika masana mizere yambiri inali pansi, utomoni ukuyenderera pa zitsa ngati mkaka wotayika. Ndiye ndinamva kulira kwa belu la njinga. Anali bambo aja. Njinga anaiponya pansi isanaime bwino. Sanakalipe. Anayenda pakati pa zitsa manja ali kumutu, pakamwa pali yasa, kenaka anakhala pansi pafumbi, munthu amene sankalola ngakhale kadontho pa kabudula wake wakhaki.

"Ada, mwachita vichi?" anatero m'chinenero chakwawo. "Mwachita chiyani?"

Ndinawaonetsa kabuku kanga. Iwo anatulutsa kawo. Pa tsamba lachinayi m'kabuku kawo panali gawo la kumsewu, la mitengo yokalamba yokhayokha. Iwo analemba magawo kuyambira kunyanja, kumene ankalowera. Ine ndinalemba kuyambira kumsewu. Zaka ziwiri tinagwira ntchito limodzi osadziwa kuti timabuku tathu timafanana chikuto chokha. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinalimva pakamwa.

Manijala anatiitana tonse awiri madzulo omwewo. Masiku amenewo kuwononga chuma chotere sikunali kulakwitsa chabe. Munthu akanangonena kuti mwachitira dala, nkhani ikanafika kwa achipani, ndipo oitanidwa kumeneko sankabwerako msanga. Mawu aja anali adakali pabolodi, poti sindinafufute.

"Ndani wachita izi?" anafunsa manijala.

Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti ndinakayika, ndinkadziwa kuti wodula uja anandichenjeza, koma ndinkaganiza za ntchito yanga. Ndinali ndi mkazi woyembekezera ndi nyumba ya esiteti.

"Ndalemba ndine, bwana," anatero bambo aja. "Lamulo likuti tilembe zonse. Ine ndalemba chidule. Mnzangayu wangowerenga."

Kunali kunena zoona, koma theka lokha, ndipo theka linalo linali ndi ine. Sindinalitulutse. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Nkhaniyo inathera mu ofesi momwemo, koma iwo anachotsedwa ntchito. Loweruka anabwera kudzatenga katundu wawo. Anandipeza pakhomo la ofesi ndikukonza tcheni cha njinga chimene sichinawonongeke. Ndinkayembekezera chipongwe, ndipo ndinkachifuna. Iwo anapisa m'thumba n'kundipatsa kabuku kawo.

"Tengani, ada. Tsopano tsamba lachinayi likhale limodzi."

Kenaka anayang'ana chakumtsinje, kumene zitsa zinali mbee.

"Mukanabwera kudzafunsa," anatero, "ndikanakukalipirani pang'ono chabe."