Ntchentche M'kapu ya Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinkakhala ndi azakhali anga aNaphiri ku Katete, ndipo ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse. Iwonso sankandifuna. Atate anga, omwe anali mlongo wawo, atamwalira, amayi anakakwatiwanso kumudzi wina wa ku Vubwi, komwe sukulu inali kutali kwambiri. Achibale anagwirizana kuti ndikhale kwa azakhali mpaka nditalemba mayeso a giredi 7. Azakhaliwo anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, choncho ankafuna wowatuma. Ine ndinkafuna pogona pafupi ndi sukulu. Chikondi panalibe.

Kuona sankaona, koma lilime lawo linali lakuthwa ngati lumo. Dzina langa sankalitchula, ndinali "iwe mwana wa mkazi uja". Ankakhulupirira kuti amayi anga ndiwo anatha mlongo wawo, ndipo ndodo yawo yoyendera inkapeza miyendo yanga osaphonya.

Lamulo lawo lalikulu linali la madzi akumwa. Ankati mwana woleredwa bwino amagwada, n'kupereka kapu ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono. Ine m'pamene ndinapezera pobwezera. Ndinkaima chilili, n'kugunda pansi ndi chidendene kawiri kuti zimveke ngati mawondo afika pasimenti, n'kuwerama pang'ono kuti mawu achokere m'munsi. Kapu ndinkaipereka ndi dzanja lamanzere, lija la kuchimbudzi. Iwo akamamwa, ine ndinkamva kukoma ngati ndadya nyama. Ndinatero zaka ziwiri.

Kenako kunamveka kuti kuchipatala kwabwera madokotala a maso. Mwana wawo Yotamu, yemwe anali ndi kashopu mumsika, anawatengera kumeneko. Patatha masiku awiri anabwerako atavala magalasi akuda, atachitidwa opaleshoni diso lakumanja lokha.

"Zayenda bwanji, azakhali?" ndinafunsa.

"Angondivutitsa chabe. Utsi womwe uja," anayankha.

Ndisaname, ndinasangalala.

Ndikanakhala wochenjera ndikanazindikira. Anayamba kudana ndi dzuwa, n'kumakhala chofulatira khomo. Tsiku lina ndinawapeza atayala chitenje chawo chakutchalitchi pamiyendo, akungochisisita. Tsiku linanso anali akutembenuza zikhatho zawo uku ndi uku. Ndinangoti ndi ukalamba. Mankhwala a m'diso ankawadontheza ndi Yotamu yekha, ine sankandilola kuyandikira, ati ndingawathire tsabola.

Tsiku lachisanu chibwerereni kuchipatala, masana kunatentha kwambiri, ndipo anaitanitsa madzi. Ndikuchokera kumtsuko, ntchentche inagwera m'kapu. Ndinaiona ikupalasa timiyendo take, ndinaisiya. Ndinagunda chidendene kawiri monga mwa masiku onse, n'kutambasula dzanja lamanzere.

Sanalandire.

"Chotsa ntchentcheyo," anatero motsitsa mawu.

Anavula magalasi aja pang'onopang'ono. Diso lomwe ndinalizolowera lili loyera ngati mkaka linali lakuda bii pakati, lofiira m'mbali, ndipo linkayang'ana ine.

"Masiku asanu ndakhala ndikukuonera," anatero. "Chitenje changa ndimati chinasuluka, kani n'chobiriwirabe. Manja anga akalamba osandiuza. Zonsezo ndavomera. Koma zoona zaka ziwiri ndakhala ndikumwa madzi a dzanja la kuchimbudzi?"

Ndinagwada, ulendo uno ndi mawondo enieni. "Pepani, azakhali. Ndimenyeni mmene mungafunire, koma ndiloleni ndilembe mayeso. Yangotsala miyezi iwiri."

"Kani kugwada umadziwa. Nkhopeyo ndi ya mlongo wanga yeniyeni, ndaiona. Mtima ndi wa amako. Pita kwa iwo."

Sanandimenye tsiku limenelo, ndipo bwenzi zili bwino akanandimenya. M'mawa mwake Yotamu anandikweza minibasi ya ku Chipata, katundu wanga ali m'thumba la feteleza. Mayeso sindinalembe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Ndinadzalemba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nditakhala pakati pa tiana tomwe tinkandiseka kuti ndine amayi awo.

Sindinawakhululukire, ndipo pamaliro awo sindinapondepo. Diso lawo latsopanolo linaona ntchentche m'kapu, koma silinaone zipsera za ndodo yawo pamiyendo yanga. Linawabwerera ngati mphatso, iwo n'kulisandutsa msampha wokolera mwana wamasiye. Mlandu wanga ndikuudziwa: ulemu wanga unali wa pamaso pa oona okha. Koma mkwiyo sunandichoke.

Chaka chatha ng'ala inandipeza nanenso, matenda a shuga ataifulumizitsa. Ndimakhala ku Sinda ndi Tamara, mwana wa mng'ono wanga, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkadya ndi kumwa zomwe iye wandiikira m'manja. Atandichita opaleshoni n'kundimatula bandeji kuchipatala, kuwala kunandilasa mpaka misozi, kenako ndinaona ulusi uliwonse wa chitenje changa. Ndinalumbira kuti sindidzachita za azakhali. Nditafika kunyumba ndinavula magalasi ndisanalowe n'komwe.

"Tamara, ndikuona tsopano. Ngati pali zimene unkachita, usiye lero."

Mwanayo anangoseka, n'kuthamanga kukanditungira madzi. Atabwera nawo, diso langa silinapite pankhope yake, yomwe ndinali nditaisowa nthawi yonseyi. Linathamangira padzanja. Apo m'pamene ndinamvetsa chimene chinkawadya azakhali masiku asanu aja. Munthu amene wamwa nthawi yaitali zimene sakuziona amakhala ndi funso limene sangafunse aliyense, ndipo maso akatseguka, funsolo ndilo limayamba kuyang'ana.

Dzanja linali lamanja. Ndinamwa, koma ndinayamba ndasuzumira m'kapumo.