Katemera M'bokosi la Mowa

Ndinanyamuka pakiliniki pathu ku Mfuwe dzuwa litangotuluka, bokosi la katemera lili pamutu ngati mtsuko. Munali m'mwezi wa Febuluwale, m'ma 1990, mvula itakwiya. Ine ndinali namwino wochokera ku Kitwe, ndipo chigwa cha Luangwa ndinali ndisanachizolowere. Ku Nsefu kunali kutabuka chikuku, maliro a ana atayamba kale, koma msewu wopita kumeneko unali utasanduka dambo. Galimoto yathu ya boma inali pa njerwa kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, nkhuku zikuikiramo mazira. Nditawadandaulira abwana athu ku Mambwe, anangoti, "Sisita, gwiritsani ntchito nzeru. Boma linakuphunzitsani."

Nzeruzo zinandiuza kuti ndikapemphe malo pa boti la azungu.

Bambo wina wa njinga anavomera kundifikitsa ku Chinzombo, pagombe la mtsinje wa Luangwa pomwe botilo linkanyamukira, pa faivi handiredi kwacha. Theka la ulendowo tinakwera njinga, theka linalo njinga inatikwera ife chifukwa cha matope, koma mtengo sunatsike.

Pagombe ndinapeza a Sakala, oyendetsa boti la loji ina, amene mkazi wawo ndinamubereketsa chaka chapitacho.

"Malo alipo, asisita," anatero, "koma botili si basi. Alendowa alipira madola kuti aone nyama. Mukhale kumbuyo, ndipo musalankhule."

"Tikafika nthawi yanji?"

"Zitengera mbalame."

Alendowo anali awiri, bambo ndi mkazi wake, onse ofiira ngati tomato wakupsa. Bamboyo anavala kabudula wa matumba ambirimbiri, magalasi oonera kutali ali pakhosi. Mayiyo ananyamula kamera yotalika ngati munsi. Anandimwetulira, ndipo bokosi langa sanalifunse.

Tinanyamuka cha m'ma eyiti. Luangwa anali atadzaza mpaka m'milomo, madzi ake ofiirira ngati tiyi wamkaka, akukokolola mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Bokosi langa linali lakale, chivindikiro chili chong'aluka, ndipo ndinkadziwa kuti ayisi wake sapirira kupitirira masana. Katemera akatentha amasanduka madzi chabe. Injini ikanangolira osapuma, bwenzi titafika ayisi akadali wolimba.

Sitinapite patali bamboyo anakweza dzanja. A Sakala anazimitsa injini. Panthambi panali kambalame kabuluu kochepa ngati chibakera cha mwana, ndipo tonse tinakhala chete kudikira kuti katembenuze mutu. Sikanafune. Katatembenuka, mayiyo anati dzuwa lili kolakwika. Tinazungulira, tinayambiranso.

Kenaka inali nkhwazi. Kenaka ng'ona itayasamula pamchenga, mayiyo n'kugwira pamtima kuti, "Kukongola kwake!" A Sakala anandinong'oneza kuti pamalo omwewo msodzi wina wa kwawo anasiyapo mwendo. Ameneyo palibe anamujambula.

Pokhota mtsinje tinakumana ndi mvuu, mitu yokhayokha ikuoneka pamadzi, zikuseka ngati madoda pamowa. Imodzi inamira, n'kuvuukira pafupi ndi pamene ndinakhala ine, kukamwa kuli yasa, moti ndikanatha kulowamo pamodzi ndi bokosi langa. Ndinakuwa m'Chibemba kuitana amayi anga. Bamboyo anatembenuka, chala chili pamlomo.

"Shii! Mukuopseza nyama."

Ine, mwana wa munthu, kuopseza mvuu.

Cha m'ma teni tinakocheza pakachilumba kuti alendo amwe tiyi. A Sakala anayala nsalu yoyera pansi pa mtengo wa mchenja, n'kutulutsa makapu ndi mabisiketi. Nanenso anandipatsa, ndipo sindinama, mabisiketiwo anali okoma. Tikumwa, njovu zinayamba kuwoloka mtsinje, zitamba zili m'mwamba, kamwana kali pakati zikukakankha ndi mapewa. Ngakhale ine ndinaiwala mkwiyo wanga pang'ono.

"Muli ndi mwayi kukhala kuno," anatero mayiyo, maso ali ndi misozi.

"Inde, mayi," ndinayankha. "Njovu nazonso zimanena choncho zikamadya chimanga chathu."

Anaseka kwambiri, n'kuuza mwamuna wake kuti anthu a kuno ndi anthabwala.

Nditasuzumira m'bokosi ndinapeza ayisi akutuluka thukuta. Ndinawakokera pambali a Sakala.

"Auzeni kuti ku Nsefu kwaoneka mikango."

"Asisita, mufuna andichotse ntchito?"

"Kodi mwana wanu uja anabadwira m'manja mwa yani?"

Anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, kenaka anapita kukawauza alendowo ndi nkhope ya mkulu wa mpingo. Tiyi anathera pomwepo. Injini inalira momwe sinalirirepo tsikulo, ndipo mbalame zonse za m'Luangwa zinasanduka zachabechabe. Tinadutsa nyamalikiti zitatu zitaima pamtunda, bamboyo osakweza n'komwe dzanja.

Pofuna kudula njira, a Sakala analowetsa boti m'nkhalango yomira, momwe m'chilimwe mumayenda magalimoto. Tinkayenda pakati pa mitengo, nthambi zikutikwapula, anyani akutitukwana kuchokera m'mwamba. Mwadzidzidzi tinangomva khuu! Boti linakhala pamchenga wobisika pansi pa madzi. A Sakala anatsika n'kuyamba kukankha, maso ali uku ndi uku chifukwa cha ng'ona. Boti silinasunthe. Dzuwa linali paliwombo. M'bokosi langa munali madzi okhaokha, timabotolo ta katemera tikusambira.

Ndinaganiza za amayi amene ankandidikira, ena atayenda kuchokera kutali ana ali kumsana, ndipo mtima unandiwawa. Ndinali pafupi kulira pamene bamboyo, pofuna kudzitonthoza, anatsegula bokosi lake loyera limene linali pansi pa mpando. Munali ayisi wodzaza mpaka pakamwa, mabotolo a mowa atagona m'menemo ngati mafumu.

Lamulo losalankhula ndinaliphwanya. Ndinatsegula bokosi langa, ndinawaonetsa timabotolo tija, ndinawauza za chikuku ndi za maliro, m'Chingerezi chonse chimene boma linandiphunzitsa. Mayiyo anatsitsa kamera.

"Bwanji simunanene m'mawa?"

"Ndinkaopa kuopseza nyama, mayi."

Anauza mwamuna wake kuti atulutse mowawo. Bamboyo anayamba kufotokoza kuti mowa wotentha sumweka, kuti mwina tingagawane malo, theka mankhwala theka mabotolo. Mkazi wake anamuyankha mawu awiri okha m'chinenero cha kwawo. Sindinawamve, koma mkazi aliyense amawadziwa. Mabotolo anatuluka onse, katemera analowa. Zitatero mayiyo anamulozeranso mwamuna wake kumadzi, ndipo bamboyo anavula nsapato n'kutsika kukathandiza a Sakala. Kulemera kwake kutangochoka, boti linayandama lokha. Anakweranso matumba onse a kabudula uja atadzaza Luangwa.

Tinafika ku Nsefu cha m'ma thu koloko. Amayi anali atakhala pansi pa mtengo wa mvunguti, ena atayamba kale kumanga nsalu kuti azibwerera.

"Mwaswera bwanji, asisita?" anatero mmodzi. "Ife timati mwadyedwa."

"Mikango ili kuti?" anafunsa bamboyo, magalasi ali kale m'maso.

A Sakala analoza kuthengo mwaulemu. "Yangochoka kumene, bwana."

Ndinayala zida zanga pabenchi n'kuyamba kubaya, katemera ndikutapa m'bokosi lonunkha mowa. Mayi wachizungu uja anandigwirira ana angapo, mmodzi n'kumukodzera pamwendo, ndipo sanadandaule. Kenaka chizolowezi chinamugonjetsa, anatenga kamera n'kujambula aliyense wolira. Analonjeza kutumiza zithunzizo, koma mwina zikadali m'njira. Mwamuna wake anakhala pamthunzi akumwa mowa wotentha, nkhope ili ngati akumwa mankhwala a malungo, kudikira kuti ndimubwezere bokosi lake. Mwana womaliza nditamubaya, ayisi anali akadalipo.

Alendowo ndi a Sakala anabwerera madzulo omwewo. Ine ndinakhala ku Nsefu mpaka madzi ataphwera, ndipo ndinabwerako wapansi. Pamsonkhano wotsatira ku Mambwe, abwana aja anaimirira n'kulengeza kuti ofesi yawo inakonza mayendedwe a pamadzi kuti katemera afike kwa ana panthawi yake. Anthu anawomba m'manja. Nanenso ndinawomba, poti ntchito ndinkaifunabe.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti m'chigwa muno boti lilipo, mafuta alipo, ngakhale ayisi alipo. Kungoti zonsezi zimanyamukira chinthu cha nthenga kapena cha mchira. Mwana wa munthu, kuti zimufikire, pamafunika wina woti anamizire mkango.