Chala cha a Pang'ono Chabe

A Pang'ono Chabe anayamba kusema pa makina ozunguza pa 3 Epulo 1987, ndipo dzinali analipata chaka chomwecho, poti ndiwo anali mawu awo nthawi zonse akagwira tchizulo. Ntchitoyi imayenda motere: mtengo umapanidwa uku ndi uku n'kumazungulira mwaliwiro, mmisiri n'kumaugunditsa tchizulo mpaka ngodya zonse zitatha. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti chimene wachotsa sichibwerera. Iwo ankalidziwa pamtima lamuloli, ndipo ankaliphunzitsa ena mwaulere.

Kuseri kwa khoma la shedi yawo kunali wosema zitsulo, amene ankayeza chilichonse ndi kalipa, kachipangizo ka nsagwada ziwiri. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi a Pang'ono Chabe ankamuseka.

"Achimwene, Mulungu anakupatsani zala khumi zaulere, inu n'kukagula zachitsulo? Ine ndikangozunguliza chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndadziwa kale."

Mu Juni 2018 mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anapeza banja, ukwati n'kuikidwa pa 28 Julayi. Pamaso pa asewere awo, popanda wowafunsa, a Pang'ono Chabe analonjeza tebulo la miyendo yosema, lochokera pa thabwa lochindikala limene malemu bambo awo anasiya. Thabwalo linali lokwana miyendo isanu ndi itatu, osapitirira.

Tiyenera kulemba pano kuti pa 14 Malichi chaka chomwecho tchizulo inawacheka chala chachikulu chija, n'kusiyapo chipsera chouma ngati chikopa cha nsapato. Iwo anati chala changowonjezera nzeru.

Pa 9 Julayi anasema miyendo inayi. Ataizunguliza zala anapukusa mutu, nati wachitatu wanenepa, wachinayi wawonda, ndipo anaiponya pansi pa benchi kuti ikaganizire zolakwa zake. Pa 16 Julayi anayamba inayi yotsalayo. Woyamba unaoneka wonenepa, anauchotsako pang'ono chabe. Pamenepo wachiwiri unaposa woyamba, nawonso anauchotsako. Wachitatu sukanasiyidwa kumbuyo. Chilungamo chimenechi chinazungulira masiku asanu ndi atatu, utuchi n'kufika m'akakolo.

Pa 24 Julayi akazi awo anabwera ndi tiyi, naima pakhomo kuyang'ana timiyendo tinayi toonda ngati mipini ya tsache.

"Bambo, mwaganiza patali ndithu. Ana sanalowe m'banja, inu mwawasemera kale ndodo za ukalamba?"

"Inu mayi, za umisiri zisiyeni."

"Ndazisiya. Koma asewere anu agula kale nsalu ya patebulo. Muwauza nokha kuti aiyale pansi."

Thabwa linali litatha, masiku atatsala anayi. Pa 25 Julayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, a Pang'ono Chabe anayenda mapazi asanu ndi limodzi amene anali asanayendepo mwaulemu chiyambire 1987, kupita kwa wosema zitsulo uja.

"Achimwene, kachitsulo kanu kaja kalipo? Ndikufuna ndikayese ngati kamanena zoona."

Wosema zitsulo anapukuta manja mosafulumira, natenga kalipa, nalowa mu shedimo. Timiyendo toondato anangotiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira wodwala amene madokotala amutaya. Kenako anawerama, natulutsa inayi ija ya pansi pa benchi, naipukuta fumbi, nayeza uliwonse kumutu, pakati ndi kuphazi. Anabwereza kachiwiri.

"Akulu, iyi mwaitayiranji? Ndi mapasa enieni. Sikusiyana ngakhale ndi tsitsi limodzi."

A Pang'ono Chabe anasisita chipsera chija. Kenako nkhope inawala, natembenukira kwa akazi awo amene anaima pakhomo.

"Mwamva, mayi? Mwadzimvera nokha? Chitsulo chavomereza. Zaka zonsezi ndimati chiyani? Chala changa sichinama!"

"Nanga chimene chinaitaya pansi pa benchi chinali cha yani?" anafunsa akazi awo.

Funsoli mpaka lero lili m'gulu la nkhani zosatha.

Tebulo linafika kwa ana pa 27 Julayi masana, vanishi asanaumitsitse, moti nsalu ya asewere inamatirira ngodya imodzi. Likuimabe mosagwedera. Timiyendo tinayi tija akazi awo anatikhomera pakhoma la khitchini, n'kumayanikapo nsanza zopukutira mbale. A Pang'ono Chabe sanagule kalipa. Chiyambire Ogasiti 2018 amangokabwereka Lolemba lililonse, kuti aone, akutero iwo, ngati kakunenabe zoona.