Esinati ndi Pepala la Msonkho la ku Tete

Ine ndine munthu amene ndidakhomapo msonkho m'maiko anayi chaka chimodzi, mpaka boma lina lidandilembera kalata yondipempha kuti ndipumuleko chifukwa mabokosi awo adadzaza. Iai, ndanama. Ulendo wanga wautali kwambiri udathera pa Dedza, ndipo msonkho wa m'dziko mwathu momwemuno, uja udatha pamodzi ndi chipani chimodzi, ndinkauthawira m'bango ngati mvuu. Komabe za msonkho wa kunja ndikudziwapo kanthu, chifukwa udatsala pang'ono kupasula banja la Esinati, mwana wa mlongo wanga, ndipo dzanja langa lidalipo.

Esinati adabadwira kunyanja konkuno, pamudzi pathu, pafupi ndi doko limene mabwato a ku chilumba cha Mbenji amakocheza. Sukulu adalekera Sitandade 4, atangodziwa manambala ndi kuwerenga maina, nati zakwana poti usipa sufunsa Chingerezi. Kuyambira pamenepo moyo wake udali wa pathandala: kugula usipa ndi utaka m'mawa, kuyanika, kuthamangitsa akhwangwala, kenako dengu pamutu mpaka kumsika wa Salima. Mwanayu ali ndi zinthu ziwiri zimene adatengera kuchimuna, osati kwathu. Choyamba, saiwala. Ukamuuza mawu Lolemba la chaka chino adzakukumbutsa pamaliro ako. Chachiwiri ndi nsanje. Nsanje ya Esinati njoti mwamuna wake akayamikira ndiwo za kwa eni, nkhuku za kumeneko zimayenda mobisala sabata yathunthu.

Mwamuna wakeyo ndi Lameck, wa ku Khombedza, wokonza mainjini a mabwato, munthu wa mawu ochepa ndi zikhadabo zakuda. Adabwera chikamwini monga mwa mwambo wathu, namanga nyumba pamalo amene ndidamuloza ine mwini mbumba, kuseri kwa mitengo yanga ya mango. Adabereka ana awiri, Yesaya ndi Precious. Zaka zimenezo Lameck ankakhalitsa ku Mbenji kukonza mainjini, ndipo Esinati ankagona tulo tabwino, pakuti pachilumba chija sipaponda mkazi ndipo sipafika mowa. Padziko lonse lapansi, malo amene Esinati ankawakhulupirira adali amenewo basi.

Matipate atabwera, kwacha idayamba kutsetsereka ngati mlamba m'manja. Eni mabwato ankalipira Lameck ndi mawu okoma. Ndiye mu 1995 kudafika munthu wofuna amakaniko oti akagwire ntchito pa mabwato opha kapenta, usipa wa kumeneko, ku damu la Kabora Basa, ku Tete, poti nkhondo ya ku Mozambiki idali itatha. Adamupezera Lameck pemiti ya miyezi isanu ndi inayi, yoti ikatha azibwerera kwawo, chaka china n'kukatenganso ina. Esinati adafunsa funso limodzi lokha, loti kodi kumeneko akazi amaloledwa kufika padoko. Atamva kuti amafika, adakhala masiku atatu osathira mchere m'ndiwo.

Lameck adapita, nabwera mu Disembala atanenepa m'khosi. Adabwera ndi njinga, wailesi ya makaseti yotalika ngati bokosi la maliro, ndi malata. Malatawo adakafolerera nyumba ya mlongo wake ku Khombedza. Amalume ake, a Enock, adawabweretsera jekete lachikopa la matumba asanu ndi limodzi. Ine, amene ndidamupatsa malo ndi mkazi, adandipatsa sopo mmodzi ndi chipewa chongokwana pabondo. Sindinganame pamenepa: Lamulungu lililonse ndikaona jekete lija likulowa m'tchalitchi, ulaliki sunkandilowa.

Chaka chachiwiri, mu Disembala wa 1996, Esinati akuyanika sutikesi ya mwamuna wake padzuwa, adapeza pepala m'kathumba ka m'kati. Lidali ndi zidindo ziwiri ndipo lidalembedwa m'Chipwitikizi. Mawuwo sadawamve, koma dzina ndi dzina m'chilankhulo chilichonse. Pamwamba padali Lameck. Pansi padali maina atatu ondandalikidwa: Dalitso, Yamikani, Thandiwe, ana a mlongo wake wa Lameck. Adalitembenuza, naliyang'anitsa padzuwa, kufunafuna Yesaya ndi Precious. Padalibe. Padali nambala 274 yolembedwa ndi bolopeni, ndi kabokosi kena kamene adangokhwatchamo mzere.

Sadafunse mwini wake. Adalipinda, nalimanga pansonga ya chitenje, nabwera kwa ine, amene ndili nkhoswe yake. Tsono ine ndidakhala ndikuuza anthu kwa zaka zambiri kuti Chipwitikizi ndidachiphunzira sabata imodzi kwa othawa nkhondo. Ndikadatani? Ndidavala magalasi, ndidatsokomola, ndipo m'maso mwanga mudabwera jekete lija.

Ndidamuwerengera kuti pepalalo likunena za nyumba yosanja imene Lameck ali nayo ku Tete, ya masitepe ofika kumitambo. Ndidati m'nyumbamo muli mayi wina dzina lake Dona Rosa, wa dzino lagolide, wa mikono ngati mitondo. Atandifunsa za 274, ndidati ndi nkhuku za mayiyo. Ndinkayesa kuti aseka, kapena akakalipira mwamuna wake pang'ono, ineyo n'kudzaitanidwa kudzaweruza, mwina n'kutulukapo ndi nsapato. Esinati sadaseke. Adangoti zikomo amalume, nanyamuka.

Madzulo ake sutikesi ya Lameck idali pakhonde, masipanala ake ali pamwamba, atakulungidwa bwinobwino m'nsanza. Mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo lake. Lameck adayesa kulankhula, koma adauzidwa kuti akalankhule Loweruka pamaso pa ankhoswe, ndipo adakagona kwa mnzake kudoko. Apa ndiye ndidazindikira kuti ndayatsa moto, koma kubweza mawu ndidachita manyazi. Munthu wamkulu, wa magalasi.

Chimene sindidadziwe n'chakuti Lachinayi, atagulitsa usipa wake ku Salima, Esinati adapita kwa a Binali, atelala osoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi depoti. A Binali adaoloka nyanja kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, nakwatira kuno, ndipo anzawo pobwerera iwo adatsala. Chipwitikizi adachiphunzira ku sukulu, osati ngati anthu ena. Esinati sadapite chifukwa chondikayikira ine. Ankafuna kudziwa dzina la bambo ake a Dona Rosa ndi mudzi wawo, kuti podzatukwana adzatukwane mwadongosolo.

A Binali adaimitsa makina, naliwerenga kawiri ndi chala.

“Wallahi, mama, muno mulibe mkazi. Muli boma.”

Adamufotokozera kuti lidali pepala la msonkho. Kalaliki wa kampani adalemba kuti Lameck adagona m'dziko lija masiku 274 chaka chimenecho, ndipo poti masikuwo apitirira theka la chaka, pa nkhani ya msonkho amamuwerenga ngati munthu wa komweko, ngakhale pemiti yake ndi ya mlendo. Maina atatu aja ndi a ana amene iye adanena kuti amawasamala. Kabokosi kokhwatcha kaja kankafunsa ngati ali ndi nyumba yakeyake kudziko lakwawo.

Mukuganiza kuti Esinati adapepukidwa? Simumudziwa. M'minibasi monse ankawerengera pa zala. Chaka chili ndi masiku 365. Kuchotsapo 274, iye amatsala ndi 91. Ngakhale kumitala, mkazi wamng'ono sapatsidwa zotere. Dona Rosa akadakhalapo bwenzi zili bwino, chifukwa munthu umatha kumukoka tsitsi. Koma uyu adali mkazi mnzake wopanda nkhope, wokhala ndi chidindo, wowerenga usiku uliwonse umene Lameck wagona kwake, wodya ndalama zake zisadafike m'thumba, kenako n'kulemba poyera kuti munthuyu ngwathu. Ndipo Lameck yemwe, ndi pakamwa pake, adamuuza mkazi mnzakeyo kuti ku Malawi alibe nyumba, ndi kuti ana ake ndi ena. Zimenezi sadanamizire munthu. Zidali papepala.

Loweruka m'mawa tidakhala pansi pa mango. A Enock adabwera atavala jekete lawo, dzuwa la Disembala likuswa mtengo, thukuta lili chuchuchu, koma osavula. Esinati adakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Adayamba ndi iye, ndipo za Dona Rosa sadatchule. Adafunsa zitatu: za ana, za nyumba, za masiku.

Lameck adayankha akuyang'ana zikhadabo zake. Adati kalaliki adamufunsa kuti ndi ana ati amene ali pamutu pake, amene akadwala kapena akasowa yunifolomu mlandu umagwera iye. Iye adatchula mbumba yake, monga akadayankhira mwamuna aliyense woleredwa bwino kwathu kuno, pakuti Yesaya ndi Precious ali ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi awa akhala apawa. Adaloza ine. Za masiku adati sadawerenge ndi iye, amawerenga ndi zidindo za pachipata. Pa za nyumba adadzutsa mutu.

“Adandifunsa ngati nyumbayo ndi yanga. Ndikadayankha bwanji, amake Yesaya? Chaka chatha ndidafuna kubzala mandimu kuseri, amalume anuwa adati mkamwini sabzala mtengo. Ndidafuna kukhoma malata, adati ndikadzachoka ndidzasasula ndi chiyani. Boma la eni silinamizidwa. Ndidati ndilibe.”

A Enock adagwedeza mutu, jekete likulira. Ndidaona kuti mlandu watembenuka, wayamba kundinunkhiza ine. Esinati ankayang'ana mwamuna wake mwa mtundu wina, monga amayang'anira dengu la usipa limene adalinyoza koma waona kuti pansi pake ndi pouma bwino. Adati ngati vuto ndi limenelo, iye ndi wokonzeka kupita chitengwa. Agule malo pa Khombedza, amange yawoyawo, akhome malata, abzale mandimu mpaka atope, kuti kalaliki akadzafunsanso adzapeze cholemba. Koma adaika zake ziwiri. Maina a ana ake alowe papepala, pamwamba pa enawo. Ndipo Lameck akapemphe pemiti yaifupi, yosafika theka la chaka, ngakhale ndalama zichepe, chifukwa iye sadzalolanso kuti boma la eni limupose masiku.

Lameck adati ndalama zidzachepadi, mwinanso kampani idzatenga wina. Esinati adati usipa ulipo. Lameck adavomera.

Tsono taganizani za ine. Mkamwini akupita, njinga ikupita, wailesi ikupita, ngakhale sopo wa chaka chamawa akupita. Mlomo wanga udatseguka wokha. Ndidati zonsezo nzabwino, koma nkhani ya mayi wa ku Tete ithe kaye, pakuti ine monga nkhoswe sindingapereke mwana chitengwa kwa munthu wa nyumba ziwiri. Lameck adadzidzimuka, nafunsa kuti mayi wake uti. A Enock adavula jekete.

Esinati sadakweze mawu. Adamasula nsonga ya chitenje, natulutsa pepala lopindapinda, nandipatsa ndi manja awiri, atagwada mwaulemu wonse.

“Tawerenganinso, amalume, kuti a Enock amve okha.”

Ndidavala magalasi. Zilembo zidaoneka zazing'ono kuposa tsiku lija, koma ndidati mwina ndi dzuwa. Ndidayendetsa chala pamzere woyamba, ndidawerenga za nyumba yosanja, ndidawonjezapo galimoto yofiira ndi agalu awiri odya buledi. Ndidafika pa mayi uja, Dona Fatima, wa mano awiri agolide.

“Lolemba adali Rosa,” adatero Esinati. “Dzino lidali limodzi.”

Ndidati Apwitikizi amakhala ndi maina awiriawiri, ndipo mano amawonjezereka munthu akalemera.

“Chabwino, amalume. Koma pepala la msonkho lili m'thumba mwa bambo a Yesaya, ndawabwezera m'mawa uno. Limene mwagwiralo andipatsa a Binali atelala. Ndi la Chipwitikizi ndithu, koma ndi la m'kabokosi ka mankhwala a njoka za m'mimba. Tapitirizani, timve kuti Dona Fatima azimwa kangati patsiku.”