Mwalakwa, Ababa

Ndikamva fungo la chinangwa chosenda chili padzuwa, ndimaona bambo anga atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Nazombe, atafunda chitenje cha amayi ngakhale kunja kukutentha, miyendo itaonda ngati mipini ya makasu. Inali nyengo ya makaka. Mudzi wonse unkayera mbee ndi chinangwa choyanika pamikeka, pamiyala, mpaka pamadenga a makhitchini, ndipo nandolo wouma ankalira m'minda mphepo ikatsika kuchokera kuphiri la Michesi. Atsikana anzanga ankasewera fulaye ndi phada pansi pa mango, koma ine ndinali ndi ntchito imene amayi anandipatsa, ndipo ndinkainyadira kuposa masewera onsewo: kuphunzitsa bambo anga kukhulupirira Mulungu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakamwa panga panali posatseka.

Bambo anali kalipentala. Mabenchi onse a m'tchalitchi chathu anakhoma ndi iwo, ndi guwa lomwe. Kwa zaka zambiri ndiwo ankayambitsa nyimbo Lamulungu. Kenako anangosiya kupita. Sanakangane ndi munthu, sanayambe mowa, sanatenge mkazi wachiwiri, zimene zikanawapeputsira anthu ntchito yopeza chifukwa. Ena ankati anawalodza, ena ankati mphunzitsi wina wobwera anawabwereka mabuku oipa, pomwe bambo buku lomwe ankalidziwa linali la nyimbo basi. Akulu a mpingo atawaitana katatu osapita, anawachotsa mumpingo. Iwo mwini ankangonena kuti tsiku lina ali pakati poimba anazindikira kuti mumtima mulibe kanthu, monga umatsegulira thumba la chimanga n'kupeza anankafumbwe anamaliza kale, osadziwa tsiku limene anayamba.

Chaka chimenecho chifuwa chinawagwira, ndipo atabwerako kuchipatala kachiwiri aliyense ankadziwa kuti mvula sadzaiona. Amayi anali a gulu la amayi a mpingo, ovala bulauzi ndi duku zoyera, amene amaimba pamaliro a Mkhristu aliyense kuyambira pasiwa mpaka kumanda. Kwathu munthu akafera kunja kwa mpingo, nyimbo sipakhala, abusa sabwera, amayi a zoyera amabwera atavala zawamba ngati akupita kuchigayo. Amayi anali ataimbira maliro a anthu osawadziwa n'komwe, tsono mwamuna wawo apite mwa zii? Ndipo panali china chimene chinkawadya kwambiri kuposa manyazi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti bambo akafa choncho sadzaonananso, iwo adzapita kwina, bambo kwina, mpaka muyaya. Njira inali imodzi yokha: akulu a mpingo abwere pakhomo, afunse mafunso, bambo ayankhe, awabwezere mumpingo.

Kwa amayi nkhaniyi inali yapafupi. Ankati ndi liuma chabe, munthu akafuna amakhulupirira, monga akafuna amadzuka kupita kumunda. Ankalankhula zimenezi ali kukhitchini akutaya madzi a kalongonda, nyemba zija zofunika kuphika tsiku lathunthu n'kumasintha madzi kuti zisakuzunguze mutu, ndipo ankakweza mawu dala kuti afike pakhonde. Ine ndinali m'kalasi ya ubatizo, ndipo mafunso onse a m'kabuku ndinkawadziwa pamtima. Choncho masana alionse ndikabwera kusukulu ndinkakhala pafupi ndi bambo, beseni la chinangwa pakati pa miyendo, mpeni m'manja, n'kumawafunsa. Akaphonya liwu limodzi ndinkagogoda beseni ndi mpeni n'kunena mwa uphunzitsi kuti, “Mwalakwa, ababa!” Iwo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kubwereza. Akulu amati chalaka bakha nkhuku singatole, koma ine kankhuku ndinkaona ngati ndikutola ndithu.

Chimene amayi sankachiona, kapena sankafuna kuchiona, n'chakuti bambo ankayesetsa. M'mawa wina ndikupita kumjigo ndinawapeza atagwada m'kashedi kawo ka matabwa, pakati pa fungo la mkungudza ndi utuchi, manja atagwira benchi yopalira, milomo ikugwedera. Anakhala choncho mpaka ine kubwera ndi ndowa yachiwiri. Kudzuka kunawakanika, ndinachita kuwathandiza. Ali chotsamira paphewa langa anandifunsa ngati ndikamapemphera ndimamva kuti alipo amene akundimvetsera. Ndinati eya, kwambiri. Anandiyang'ana ngati mmene wanjala amayang'anira wodya. “Gwiritsa, mwanawe,” anatero. “Anthutu akuti ndinakana Mulungu. Munthu umakana amene wakuitana. Ine ndi amene ndakhala ndikuitana.”

Akulu a mpingo anabwera Loweruka lina dzuwa likupendeka. Anali awiri: a Namakhwa, nkhalamba imene inkaimba ndi bambo kuyambira ali anyamata, ndi mlembi wa mpingo, mphunzitsi wochokera boma lina, munthu wosamala malamulo. Amayi anasesa bwalo kawiri, anayala mkeka watsopano, anaphika thobwa. Ine anandilola kukhala pakhomo chifukwa ndinali mphunzitsi wa wodwalayo. Mafunso oyamba bambo anayankha bwinobwino, ine mtima uli m'mwamba ndi kunyada. Kenako a Namakhwa anafika pa funso lalikulu, lakuti kodi mukhulupirira Mulungu Atate, ndipo yankho lake ndi liwu limodzi: ndikhulupirira. Nkhuku zinkapalasa m'makoko a chinangwa. Ndiye bambo ananena motsitsa kuti, “Ndikufunitsitsa.”

A Namakhwa anali ogontha khutu limodzi, ndipo lero ndikudziwa kuti tsiku limenelo anatchera khutu logonthalo mwadala. Anagwedeza mutu, nati, “Basi, tamva,” n'kuyamba kutsegula buku la nyimbo. Mlembi uja anali atawerama akuyang'ana nsapato zake, naye ngati wosamva. Amayi anali atayamba kale kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Zonse zinali zitatha, mwamuna wawo anali atabwerera. Pamenepo ine, amene palibe anandifunsa, pakamwa panangotseguka monga pankachitira masana alionse: “Mwalakwa, ababa! Mumati ndikhulupirira.”

Zimene mwana wanena poyera akulu sangazibisenso. Mlembi anakweza mutu, nkhope itagwa, napempha a Namakhwa kuti abwereze funsolo. A Namakhwa anabwereza, maso ali pa mnzawo, ngati akumupempha. Bambo anayang'ana amayi nthawi yaitali. “Ndikanena kuti inde, ndinama,” anatero. “Ndafunafuna, achimwene. Sindinamupeze.” Alendo anachoka thobwa osamwa. Ndinkayembekeza kuti amayi andimenya, ndipo ndinkalakalaka atandimenya, koma anangopinda mkeka n'kuulowetsa m'nyumba. Bambo ndi amene anandiitana, n'kundiuza kuti ndinaphunzitsa bwino, wophunzira ndiye anali mbuli.

Anamwalira chilimwe chisanathe, mitambo itangoyamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Anthu anabwera ambiri, pakuti panalibe nyumba m'mudzimo yopanda chitseko kapena mpando wokhoma iwo. Koma nyimbo panalibe. Ndimakumbukirabe phokoso la mapazi panjira ya kumanda, ndi la makasu a adzukulu, zinthu zimene pamaliro ena sumazimva chifukwa cha kuimba. Amayi anayenda pambuyo pa bokosi atavala chitenje chawamba, milomo itatsekedwa zolimba. A Namakhwa anaima patali pansi pa mtengo, chipewa m'manja, ndipo sanalankhule kanthu chifukwa lamulo silinkawalola.

Papita zaka zambiri. Ndamvapo alaliki ambiri akunena kuti kusakhulupirira munthu amachita kusankha, ndamvanso achinyamata ophunzira m'tauni akudzitama kuti iwo anasankha okha kusiya za Mulungu, ndipo onsewo amandikwiyitsa mofanana. Sanaone munthu wotsala mafupa okhaokha akugwada pa utuchi mpaka kulephera kudzuka. Chikanakhala chosankha, bambo akanasankha m'mawa womwe uja, chifukwa cha amayi. Chimene anali nacho m'manja chinali chimodzi chokha, kunena zoona kapena kunama, ndipo ngakhale pamenepo anali atapeza kanjira kopyapyala kodutsira osanama, ine n'kukatseka. Sindinadzikhululukire, ndipo sindikudziwa amene ndingamupemphe kuti andikhululukire, pakuti chija bambo anandiuza kuti ndigwiritse chinandipulumuka nanenso, mosadziwa tsiku. Kutchalitchi ndimapitabe, mayankho ndimawadziwa onse, ndipo palibe mwana amene anandigwirapo.

Amayi tsopano akalamba, maso achita khungu, bulauzi yoyera ndimawasitira ndine ndikapita kumudzi. Za tsiku lija sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Koma masiku ano, ndikamatsanzika, amandigwira dzanja osafuna kulitaya, n'kundifunsa ngati mwana wofunsa mphunzitsi: “Iwe unaphunzira kwambiri. Munthu wonena kuti ndikufunitsitsa, kumeneko amamulandira? Bambo ako ndikawapeza?”

Ndimawayankha kuti inde, amayi, mukawapeza. Liwu limene linawakanika bambo anga, ine limatuluka mosavuta.