Bihoni Sathyola

A Lenah ndinakhala nawo mdadada umodzi ku Roysambu kwa zaka zitatu ndi miyezi iwiri, iwo pansanjika yachiwiri, ine yachinayi. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene akufalitsa zoti mayiwa ndi olongolola adziwe kuti ndikulemba za munthu amene ndikumudziwa. Pamene sindinaone ndi maso anga, ndinena kuti ndinachita kumva.

Kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Bilira. Sukulu anasiyira Fomu 2 n'kuyamba kukazinga tchipisi pamsewu kuti mlongo wawo wamng'ono, Jerome, aphunzire. Jerome anaphunziradi. Lero amagwira ntchito kubungwe lina lalikulu kuno ku Nairobi, ndipo anakwatira Maria, mkazi wa ku Philippines amene ankayang'anira osoka zovala pafakitale ina ku Athi River. Mwana wawo Yewo atabadwa, Jerome anaitana achemwali akewo kuti adzalere. Anabwera ndi chikwama chimodzi ndi chiwaya chawo chakale cha tchipisi, chimene anakana kuchisiya ngakhale pabwalo la ndege ankawaseka.

Mu Januwale chaka chino Maria anapita kwawo kukadwazika bambo ake. Ali komweko chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha, ndipo mapepala oti abwerere ngati mkazi wapabanja ankafunika siginecha ya Jerome. Jerome ankangoti mawa, mawa. Miyezi inakwana isanu.

Ndiye Maria anapempha chinthu chimodzi. Yewo ankakwanitsa zaka zisanu Loweruka lachiwiri la Juni, ndipo kwawo kwa Maria tsiku lobadwa silidutsa popanda pansiti. Chakudyachi amaphika ndi bihoni, tizingwe toyera ta ufa wa mpunga, tokhala ngati supageti koma toonda ngati ulusi. Amasakaniza ndi nkhuku yonyotsola, kabichi, karoti, zitheba, adyo ndi sosi wakuda wa soya, n'kufinyirapo ndimu. Lamulo lake ndi limodzi: bihoni sathyola, sadula. Kutalika kwake akuti ndiye kutalika kwa moyo wa mwana. Maria ankafuna kuti 1 koloko masana, kwawoko ili 6 koloko madzulo pamene amatuluka m'chipatala, amuimbire pavidiyo aone mwana wake akudya.

"Ndimuphikira, mlamu," anatero a Lenah. "Ndipo mumuona."

Sanali ataphikapo n'kamodzi komwe. Anakwera maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, kukagula mapaketi anayi pasitolo ya zakudya za ku Asia ku Parklands, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi anayeserera m'khitchini mwanga kuti Yewo asaone. Mphika woyamba unatuluka phala. Wachiwiri unalimba ngati udzu wa tsache. Anakhala pampando n'kumvetseranso katatu uthenga wa pafoni umene Maria anafotokozamo kaphikidwe kake, mpaka anatulukira pamene ankalakwitsa: bihoni sawiritsa. Amangomuviika m'madzi ofunda kufikira afewe, kenaka amapsera m'chiwaya, akumwa msuzi wa nkhuku. Paketi imodzi anatsika nayo kwawo, ina inatsala pashelefu yanga.

Lowerukalo ndinatsika 11 koloko kukathandiza kuwaza kabichi. Nkhuku inali itapsa kale. A Lenah anapeza kuti ndimu waiwalika, choncho tinapita tonse kwa mama mboga, mayi wogulitsa masamba pageti. Sitinathe mphindi makumi awiri. Pobwerera tinamva kuseka m'khitchini.

Munali mayi wina dzina lake Atusaye, amene Jerome anali atayamba kubwera naye kutchalitchi n'kumatiuza kuti ndi mnzake wa kuntchito. Anali atavala epuloni ya Maria, ya maluwa achikasu. Pambaula madzi ankabwata mumphika, ndipo bihoni yense anali momwemo, wothyoledwa katatu kuti akwane. Nyenyeswa zake zinali mbwee pansi.

"Alamu, mwabwera!" anatero Atusaye. "Ndati ndikuthandizeni. Timanudozi tanuti tinali tataliatali, ndiye ndangotithyola kuti mwana asatsamwe."

Sindikuti mayiyo anachita dala. Aliyense wa ife amathyola supageti asanaike mumphika, inenso ndimatero. Koma ndani amalowa m'khitchini mwa mwini osaodira, n'kuvundukula miphika? Kwathu zimenezo tanthauzo lake timalidziwa tonse, ndipo iyenso ankalidziwa.

A Lenah anaika ndimu patebulo mmodzimmodzi. Anazimitsa mbaula.

"Mwati ndani?"

"Ndati alamu."

"Mlamu wanga ndi mmodzi, ali kuchipatala akutawasa bambo ake. Inu mayi sindikukudziwani. Vulani epuloniyo."

Jerome analowa atagwira botolo la soda. "Achemwali, n'chiyaninso? Si supageti chabe ameneyu? Tikagula wina kusitolo ya Naivas."

"Supageti! Zaka seveni uli pabanja ndi mkazi, chaka chilichonse akukuphikira pa tsiku lako lobadwa, iwe kumangomeza ngati nkhanga osafunsa kuti bwanji sakudula? Sukulu yonse ija unakaphunzira kumeza?"

"Musandiyankhule choncho pamaso pa alendo."

"Alendo amakhala pabalaza, Jerome. Awa ali pambaula."

Atusaye anavula epuloni n'kuiponya pasinki. "Ine zamatsenga za kunja sindizidziwa. Moyo amapereka ndi Mulungu, osati manudozi."

"Ameni," anatero a Lenah. "Ndipo mwamuna wa mwini amapereka ndani?"

Apa ndivomere kuti ndinaseka, ngakhale sindinayenere kutero. Jerome anatseka chitseko cha khitchini kuti Yewo, amene ankaonera makatuni pabalaza, asamve. Anayankhula motsitsa mawu, ndipo mawu akewo ndikuwakumbukira bwino.

"Tamverani. Lero kulibe zoimbira foni Maria. Mumuuze kuti netiweki yavuta. Mukaimba, Lolemba ndikugulirani tikiti ya ku Lilongwe. Nyumba ino ndi yanga."

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ankadziwa pamene akuponda. A Lenah ku Bilira alibe nyumba. Imene inalipo inagwa ndi mvula zaka ziwiri zapitazo. Yewo anamulera kuyambira ali ndi masabata atatu. Kuwauza kuti apite kunali kuwalanda mwana ndi denga tsiku limodzi, ndipo wowauzayo ndi munthu amene mabuku ake anagulidwa ndi mafuta otentha a m'chiwaya.

A Lenah ananyamula chiwaya chawo, anandipatsa mphika wa nkhuku ndi beseni la masamba, n'kutsegula chitseko.

"Yewo, mwana wa azakhali, tiye kumwamba kwa anti Upile. Keke tidzadya pobwera."

Nthawi inali itadutsa 12 koloko. M'khitchini mwanga anaviika paketi yotsala ija yathunthu m'beseni lochapira, chifukwa mbale zanga zonse zinali zazing'ono ndipo sanafune kuti ngakhale kamodzi kapindike n'kuduka. Anakazinga adyo ndi anyezi, anathira nkhuku, karoti ndi zitheba, kabichi pomalizira, n'kuzichotsa zisanafote. M'chiwaya momwemo anathira msuzi ndi sosi. Pakamwa sipankatseka.

"Netiweki yavuta! Ine ndiname chifukwa cha iye? Ndinkamupukuta mamina ameneyu. Upile, moto wachepa, wonjezera."

Ananyamula bihoni ndi manja awiri ngati akuchotsa zovala pachingwe, n'kumukhazika mumsuzi. Sanavundule. Ankangomutukula ndi zipande ziwiri, kumutembenuza pang'onopang'ono mpaka msuzi wonse unalowa ndipo kuyera kuja kunasanduka kofiirira. Kenaka anabwezera nkhuku ndi masamba.

Itangokwana 1 koloko anatsamiritsa foni pa botolo la mafuta. Ndinawafunsa ngati aganiza bwino. Anandiyang'ana mokhala ngati ndawatukwana, n'kuimba.

Maria anaoneka ali pakhonde la chipatala, ataonda. Yewo poyamba anachita manyazi, anabisala kumbuyo kwa chitenje cha azakhali ake, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa zonse za tsikulo. Koma a Lenah anakola bihoni ndi foloko n'kumukweza mmwamba, dzanja lonse kutambasuka iye osatha, ndipo mwana anakwera pampando kuti amulandire ndi pakamwa. Anamuyamwa mpaka kumapeto, sosi ali pachibwano. Maria ankaseka uku akulira, akuimba kanyimbo ka chinenero chakwawo, ndipo Yewo anakakumbukira n'kuyamba kuyankhira.

Kenaka Maria anayang'anitsitsa. "Mlamu, makatani amenewo si a kwathu. Muli kuti? Jerome ali kuti?"

Ndinatenga Yewo kupita naye kuchipinda. Zimene zinayankhulidwa sindinazimve zonse, ndiye sindizilemba. A Lenah anandiuza pambuyo pake kuti sanawonjezere kanthu ndipo sanachotse kanthu.

Tikiti inagulidwadi Lolemba. A Lenah sanakwere ndegeyo. Anagona pabalaza panga miyezi iwiri, akutsika m'mawa uliwonse kukadikira pageti kuti aone Yewo akukwera basi ya sukulu, popeza m'nyumba muja anawaletsa kulowa. Kutchalitchi amayi ena a kwathu anayamba kunena kuti anapasula banja la mlongo wawo chifukwa cha manudozi. Amayi omwewo anaona Atusaye atakhala pambali pa Jerome Lamulungu lililonse kwa miyezi itatu, ndipo palibe anatsokomola.

Maria sanadikirenso siginecha ya munthu. Anakambirana ndi a fakitale yake, anamukonzera chilolezo chatsopano, ndipo anafika mu Ogasiti. Za banja lawo zili m'manja mwa ankhoswe ndi maloya, ine sindilowererapo. Chimene ndikudziwa n'chakuti anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Kitengela, pafupi ndi kuntchito, ndipo Yewo amakhala kumeneko mkati mwa sabata. Chipinda chachiwiricho ndi cha a Lenah.

Jerome sawayankhula. Akabwera Lachisanu kudzatenga mwana amaimika galimoto panja n'kuliza hutala. A Lenah amamuperekeza Yewo mpaka pageti, chikwama kumsana, tsitsi loluka bwino, n'kugogoda pagalasi.

"Bambo a Yewo, mwaswera bwanji?"

Galasi silitsika. Iwo amaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka galimoto ikhote.